Mavoti Awiri pa Dooko

Sindidziwa bwino kuti ndinayenda zaka zingati. Ndikafuna kukumbuka, zimene zimabwera ndi masukulu: chipinda chophunziriramo chimene atulutsamo mabenchi, bokosi patebulo, mzere wa anthu padzuwa, ndi inki pachala imene imachoka pang'onopang'ono chikhadabo chikamakula. Masukulu amenewo ankafanana kwambiri, moti nthawi zina ndimaganiza kuti inali sukulu imodzi imene inkanditsatira kulikonse.

Ndinayambira kumudzi kwa mkazi wanga, kumene ndinali mkamwini. Mkazi wangayo anali Edinesi, ndipo tinali ndi mwana mmodzi, Mtisunge, amene anali atangoyamba kumene kuyenda. M'dera limenelo, monga m'madera onse amene ndinadzafikamo pambuyo pake, munali zipani ziwiri, cha Nkhwangwa ndi cha Ambulera. Munthu ankabadwira m'chipani monga mmene amabadwira mumpingo. Mudzi wathu unali wa Nkhwangwa, ndipo chaka chimenecho atsibweni ake a Edinesi, a Nthondo, ankapikisana nawo pa ukhansala.

Mjigo wa m'mudzimo unali utafa miyezi isanu ndi iwiri. Amayi ankatunga kudambo, pamene pankamwera ng'ombe. A Nthondo ankati akapambana mjigo udzuka. A Ambulera atabwera ndi galimoto ya zokuzira mawu, ananenanso zomwezo. Ndiye tsiku lina kunafika bambo wina wamfupi panjinga, atamangirira masipanala pakaliyala. Anali a Zefaniya Kamtsitsi. Sanaitanitse msonkhano. Anangopempha amuna awiri oti awathandize kuzula mapaipi, ndipo popeza mkamwini sakana ntchito, mmodzi wa awiriwo ndinali ine.

Tinazula mpaka dzuwa linafika paliwombo. Pansi penipeni tinapeza kalabala kong'ambika, kochepa ngati chivindikiro cha botolo.

"Ndi kameneka basi?" ndinafunsa.

"Ndi kameneka, achimwene. Miyezi isanu ndi iwiri."

Madzi atatuluka, amayi akuimba nthungululu, a Kamtsitsi anandionetsa kapepala kokhala ndi chithunzi cha lichero. Anati chimenecho ndi chipani chachitatu, ndipo iwonso akuima pa ukhansala. Ndinali ndisanachimvepo.

"Mupambana?"

"Ayi," anatero akupukuta manja paudzu. "Koma akamakawerenga, apeze kuti alipo anthu ena amene sanakhulupirire onse awiri."

Ndinawakankhira njinga mpaka kutsidya kwa dambo, ndipo anthu anandiona.

Tsiku lachisankho ndinalowa kuseri kwa katoni, ndinayang'ana nkhope ya a Nthondo, kenako ndinachonga lichero. Sindinauze munthu. M'mawa mwake zotsatira anazimata pachitseko cha sukulu. Pasukulu yathu lichero linapeza mavoti anayi. Madzulo tinamva za dera lonse: a Nthondo anagonja ndi mavoti asanu ndi anayi okha, ndipo a Kamtsitsi anali ndi khumi ndi anayi.

Atatu enawo sanadziwike mpaka lero, chifukwa anali eni mudzi. Ine ndinali mlendo amene anakankha njinga.

Edinesi anandifunsa tili kumunda, mwana ali kumbuyo.

"Bambo a Mtisunge, ndiuzeni. Munachonga pati?"

"Pa lichero."

Anaimitsa khasu. Anayang'ana mizere.

"Mukanangonama," anatero.

Ankhoswe ataitanidwa, palibe amene anatchula za chisankho. Anati ndine waulesi, anati sindilemekeza apongozi, anati denga la khitchini likudontha chaka chachiwiri. Ndinayesa kunena kuti voti yanga inali imodzi, ndipo imodzi singagwetse munthu amene wagonja ndi mavoti asanu ndi anayi. A Nthondo anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Mkamwini asamakule mwendo," anatero.

Ndinachoka ndi khasu ndi mphasa. Mtisunge ananditsatira akudzandira mpaka pamene njira imakhotera, akuganiza kuti ndikupita kumunda. Edinesi anabwera n'kumunyamula, osandiyang'ana.

Kwathu kwenikweni kunalibe amene anatsala woti andilandire, choncho ndinafunafuna a Kamtsitsi. Ndinawapeza m'mudzi wina atazula mapaipi, ndipo sanadabwe. Anangondipatsa sipanala.

Tinayenda limodzi nthawi yaitali. Midzi inkabwera n'kupita: mudzi wa mibawa, mudzi wa miyala yoyera, mudzi umene anthu ake onse anali ndi chifuwa. Anandiphunzitsa kuti mjigo umayamba kudandaula usanafe, ndipo munthu azimvera ndi dzanja pachogwirira asanamasule chilichonse. Anandiphunzitsa kuyala mapaipi pamitengo, osati pafumbi, ndi kuwabwezera mmene anatulukira. M'midzi ina munali mijigo iwiri, wina wokumbidwa ndi a Nkhwangwa, wina ndi a Ambulera, ndipo mayi ankadutsa wapafupi n'kupita kwa wakutali chifukwa cha nsalu imene wavala. Ife tinkakonza yonse. Tikamaliza, a Kamtsitsi ankatulutsa kapepala kawo. Anthu ankakalandira mwaulemu, ena n'kukulungira fodya.

Chisankho china chitafika, anaima pa uphungu. Ndinalowanso m'sukulu ina yopanda mabenchi, ndinachonganso lichero. Ulendo uno a Kamtsitsi anapeza mavoti mazana asanu ndi limodzi. Wa Ambulera anapambana, koma anasiyana ndi wa Nkhwangwa ndi mavoti osakwana mazana awiri.

Patangopita milungu itatu, galimoto inatipeza pamsika wina tikudya chinangwa. Anatsikamo amuna awiri a nsapato zoyera, ndipo anatenga a Kamtsitsi n'kukakhala nawo pansi pa mtengo wa mango. Ine anandisiya ndi njinga. Atabwerako, a Kamtsitsi anali ndi malaya a Ambulera m'manja, akadali opindidwa.

"Akuti andipatsa lole ndi mapaipi," anatero. "Mijigo yonse ya m'dera lino, makumi anayi. Koma lichero lithe."

"Mwavomera?"

"Ndakalamba, achimwene. Njinga iyi singaithe mijigo makumi anayi."

"Nanga anthu mazana asanu ndi limodzi aja?"

"Ankafuna madzi. Sankafuna ine."

Sanandinamize. Chilimwe chimenecho lole inabweradi, ndipo mijigo yambiri inadzuka, ina imene inafa ana a sukulu asanabadwe. Pa uliwonse anaikapo chikwangwani cha dzina la phungu. A Kamtsitsi ananditumizira malaya anga, ndipo ndinawabweza. Sikuti ndinali wanzeru kuwaposa. Ndinkangoona kuti ndikawavala, ndiye kuti Mtisunge ndinamusiyira pachabe panjira paja. Tinatsanzikana bwino. Ndinadzamva pambuyo pake kuti chaka chachiwiri lole inasiya kubwera, ndipo iwo ankakhala muofesi yokhala ndi mpando umodzi, akudikira foni.

Ndikupita kutauni ndinakumana pasiteji ya minibasi ndi mayi wina wa kumudzi kwa Edinesi. Anandizindikira, ndipo anandiuza popanda kumufunsa kuti Edinesi anakwatiwanso, mwamuna wake ndi munthu wofatsa, ndipo Mtisunge ali pasukulu, amakhoza masamu. Ndinafunsa ngati amandikumbuka. Mayiyo anakonza mpango wake kumutu, n'kunena kuti minibasi yake yadzaza.

Tauniyo inali ngati matauni onse amene ndinawaona: msewu umodzi wa phula, chigayo, depoti, ndi msika wa malata akale. Kumeneko kunalibe mijigo, madzi anali a m'mipopi. Ndinasenza matumba kwa kanthawi, mpaka mayi wina wosoka zovala, mayi Jesitina Malikebu, anandiitana kuti ndiwakonzere makina amene ankadumphitsa ulusi. Ndinawamvera ndi dzanja monga ndinkachitira ndi mjigo, ndipo ndinapeza pamene pankadandaula. Anandiuza kuti ndibwerenso mawa lake.

Anali mayi wamasiye, wosakonda kuseka, ndipo kudzanja lamanja anali ndi chipsera cha moto chofika m'chigongono. Anandiphunzitsa kupalasa makina mosathamanga, kudula nsalu motsata ulusi wake, ndi kuyeza munthu osamuchititsa manyazi. Nthawi ya kampeni ntchito inkachuluka. Tinkasoka malaya a Nkhwangwa ndi a Ambulera omwe, koma nsalu zake tinkazisunga m'matumba awiri osiyana, limodzi pansi pa tebulo, lina kuseri kwa chitseko, kuti wobwera aone lake lokha. Zidutswa zotsala mayi Malikebu ankazilumikiza n'kupanga zofunda za ana, zimene ankagulitsa kutali.

Tsiku lina ndinawauza za lichero. Anandimvetsera mpaka kumapeto, mapini ali pakamwa. Kenako anawachotsa imodziimodzi.

"Inu a lichero mumandidabwitsa, bambo inu," anatero. "Mumafuna kukhala oyera m'manja anzanu akupsa."

Anandionetsa dzanja lija. Anati benchi lawo loyamba linali pamsika wakale. Anyamata a Nkhwangwa analiyatsa chifukwa anaona nsalu ya Ambulera pamakina, ndipo iwo anapsa akukoka makinawo m'moto.

"Ine sindikonda Ambulera. Ndimawadziwa, ndi akuba. Koma voti yanga ndi mpanda. Inu mukakachonga kalichero kanuko, mwazula mtengo umodzi pampanda wanga. Mwamva?"

Masiku amenewo ndinali nditayamba kudya nawo masana, mbale imodzi, ndipo nthawi zina ankanditsukira malaya popanda kunena kanthu. Tsiku lachisankho tinaima mzere umodzi, iwo patsogolo. Papepala lichero linalipo, pansi penipeni, pambali pa nkhope ya munthu amene sindinamudziwe. Ndinachonga Ambulera. Nditatuluka, mayi Malikebu anandiyang'ana kumaso, ndipo ndinagwedeza mutu movomera. Anandigulira nthochi.

Ambulera inapambana m'tauni monse. Mvula isanathe, kunabwera chidziwitso chakuti msika ugwetsedwa kuti pamangidwe masitolo, ndipo tonse tichoke pasanathe masiku atatu. Tsiku lachinayi m'mawa kunafika anyamata a zitsulo zokanulira malata, atavala malaya a Ambulera, ena mwa iwo osokedwa ndi ine. Mayi Malikebu anandigwira mkono n'kundilozera mmodzi, wamtali wa mpata m'mano.

"Uyo analipo pa moto paja," anatero motsitsa mawu. "Wangonenepa."

Ndinawasenzera makina pamutu mpaka kudepoti. Ankabwerera kwawo, kumapiri. Tikudikira basi ndinawafunsa ngati akudandaula ndi voti yawo.

"Ayi. Mawa litakhala chisankho, ndingachongenso pomwepo."

"Ngakhale atigwetsera msika?"

"Awa sanayatse moto. Anatipatsa masiku atatu."

Sanandiuze kuti tipite limodzi, ndipo ine sindinapemphe. Basi itanyamuka ndinakhala padepotipo mpaka ogulitsa mandasi anayamba kundiyang'ana.

Pambuyo pake ndinayenda m'malo ambiri amene sindingathe kuwaika mundondomeko. Ndinaumba njerwa kwinakwake. Ndinasanja fodya m'chigafa cha munthu amene sindinamuonepo nkhope. Chisankho chimodzi chinandidutsa ndili panjira, wosalembetsa, ndipo ndinaona anthu akutuluka m'sukulu ndi zala zakuda ngati anthu a mtundu wina. Kenako njira inandifikitsa pamtsinje waukulu wa madzi ofiira, ndipo inathera pomwepo.

Padooko panali bwato limodzi ndi nkhalamba imodzi, a Gwedeza. Tsidya lino kunali sukulu, chipatala ndi msika. Tsidya linalo kunali midzi isanu ndi umodzi, yopanda chilichonse koma minda. A Gwedeza maso anali atayamba kuchita khungu, ndipo ankawolotsa anthu pomvera phokoso la madzi. Anandifunsa ngati ndimadziwa kusambira. Ndinati pang'ono. Anati ndi bwino, odziwa kwambiri ndi amene amamira.

Anandiphunzitsa kuti mtsinje sulimbana nawo. Umayamba wakwera m'mbali mwa gombe, pamene madzi ndi aulesi, kenako umalola kuti akutsitsire padooko la tsidya linalo. Anandiphunzitsa kukhazika anthu, wolemera pakati, wamantha pafupi ndi iwe. Anandionetsa mwala wakuda umene unali pakati pa mtsinje, nati ukamira mwala umenewo, bwato lisalowe m'madzi, ngakhale akulirire ndani. Patapita nthawi mwana wawo anabwera kudzawatenga, ndipo anandisiyira bwato ndi nkhafi ndi kanyumba ka padooko la tsidya la midzi.

Ndinalembetsa pasukulu ya tsidya lino. Chisankho chitafika ndinawolotsa anthu a midzi isanu ndi umodzi ija tsiku lonse, a Nkhwangwa ndi a Ambulera m'bwato limodzi, atakhala chofulatirana. Ine ndinavota womaliza, akufuna kutseka. Lichero linalipobe papepala, ndi nkhope ina yachilendo. Munthu ameneyo sanafikepo kumtsinje, ndipo sindikudziwa ngati ankadziwa kuti kuli mtsinje. Ndinachonga pomwepo, osayembekezera kanthu.

M'mawa ndinapita kukawerenga pachitseko. Zipani zikuluzikulu zinali ndi mazana awoawo. Pa lichero panalembedwa kuti 2.

Ndinaima pachitsekopo nthawi yaitali. Munthu wina m'dera limenelo, amene mwina ndinamuwolotsa dzulo lake, anachonga pamene ndinachonga ine. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayang'ana nkhope ya aliyense wolowa m'bwato. Anthunso anadziwa msanga kuti imodzi mwa ziwirizo inali ya mlendo wa padooko, koma popeza sizinagwetse munthu, ankangoseka. Ana ankandiitana kuti a Lichero.

Woyamba kundiuza anali mayi Nasibeko, wogulitsa tomato, amene ankawoloka Lachiwiri ndi Loweruka. Tinali awiri m'bwato, pafupi ndi mwala wakuda.

"A Lichero," anatero akuyang'ana madzi, "yachiwiri ija inali yanga. Koma musauze munthu. Amuna anga ndi a Nkhwangwa."

Ndinamva ngati ndapeza m'bale wanga. Ndinalonjeza kuti sindinena. Tsiku limenelo ndinawanyamulira dengu mpaka pamsika.

Patapita mwezi, mphunzitsi wina anandiuza zomwezo, pamalo omwewo. Kenako mlimi wina dzina lake a Fulayi, munthu wachete amene anali atangokwatira kumene. Kenako mkulu wa mpingo. Aliyense ankadikira kuti tikhale awiri, ndipo aliyense ankadikira kuti tifike pakati pa mtsinje. Pofika nthawi yokolola anali atakwana asanu ndi awiri. Poyamba zinandiwawa, chifukwa pachitseko paja ndinawerenga ndekha, ndipo panali 2. Koma sindinatsutse aliyense. Ndinkangoti zikomo, n'kupitiriza kupalasa.

Chaka china mvula inagwa masiku asanu osalekeza. Mwala wakuda unamira, ndipo mtsinje unkatsika ndi mitengo yathunthu. Ine madzi ananditsekera tsidya la midzi. M'mawa wa tsiku lachisanu a Fulayi anafika padooko ndi amuna anayi atanyamula mkazi wawo Rozina pachitseko chochotsa panyumba. Anali woyembekezera, matenda anali atamuyamba dzulo lake, ndipo mwana sankabwera. Denga la chipatala linkaoneka tsidya linalo, loyera, pafupi moti munthu akanatha kufuula n'kumveka.

A Fulayi anandigwadira m'matope.

"Achimwene, tiwolotseni. Tikafa tifere limodzi."

Ndinayang'ana pamene panayenera kukhala mwala. Ndinalowetsa bwato ndekha kuti ndiyese, ndipo ndisanatalikire madzi analizunguza kawiri n'kundiponyera m'bango. Ndinabwerera ndikukoka bwato ndi chingwe. Amayi anazinga Rozina ndi zitenje pansi pa mtengo. Tinadikira. Dzuwa litapendeka mvula inaleka, koma madzi sanatsike. Amayi aja anayamba kulira mwala usanaonekere.

Pamaliro zipani zonse ziwiri zinatumiza anthu. Onse analankhula za mlatho, monga mmene ankalankhulira kuyambira a Gwedeza ali mnyamata. A Fulayi anakhala pambali, ndipo sanadzutse mutu.

Chisankho china chikuyandikira, anabwera kwa ine masana, asanu ndi awiri onse aja. Sindikudziwa kuti anadziwana bwanji. Anakhala pamchenga, ndipo palibe amene anafunsa mnzake za voti yachiwiri. Mphunzitsi anati wamva kuti chipani cha Lichero chinatha, mtsogoleri wake anapatsidwa ntchito kunja, koma dzina lake likadalipo ndipo palibe akulifuna. Anati akufuna kuti ndiime pa ukhansala.

"Ine ndine mlendo," ndinatero. "Ndilibe m'bale kuno."

"N'chifukwa chake," anayankha mayi Nasibeko. "Ife aliyense ali ndi wina woti amuope. Inu muopa ndani?"

"Sindipambana."

"Tikudziwa," anatero a Fulayi. "Ife tikufuna aone kuti mavoti a tsidya lino sali m'thumba mwawo."

Ndinawauza zimene ndinaona m'moyo mwanga. Ndinati wina adzagonja chifukwa cha ife, ndipo abale ake sadzatikhululukira. Ndinati wopambanayo akhoza kukhala woipa kuposa wogonjayo. Ndinawauza za mayi wa chipsera padzanja, amene mawu ake sindinawapezerebe yankho. Anamvetsera, kenako mphunzitsi anatulutsa mafomu.

Sindinachititse msonkhano ngakhale umodzi. Ndinalibe nsalu zogawa. Ndinkangowolotsa anthu, ndipo tikafika pamwala ndinkanena mawu omwewo kwa aliyense: kuti ine sindikulonjeza mlatho chifukwa ndilibe simenti, koma amene ali nayo sadzaibweretsa mpaka atachita mantha. Ena ankaseka, ena ankatukwana. Ambiri ankangoyang'ana madzi.

Pachitseko cha sukulu, pambali pa dzina langa, panalembedwa mazana awiri ndi khumi ndi awiri. M'dera lonse wa Nkhwangwa anapambana wa Ambulera ndi mavoti makumi anayi. Midzi ya tsidya lija inali yokonda Ambulera kuyambira kale, ndipo aliyense anadziwa kumene mavoti awo anapita. Kwa mwezi wathunthu anthu ena ankalowa m'bwato osandipatsa moni. Tsiku lina ndinapeza munthu ataboola bwato ndi nkhwangwa kapena sompho, ndipo ndinalimata ndi phula. Mayi wina wachikulire anandilavulira kumapazi, nati ndapereka dera kwa adani. Sindinamuyankhe, chifukwa sindinali wotsimikiza kuti akunama.

Khansala watsopanoyo, a Pitala Chalera, anali munthu wachinyamata wovala magalasi. Anabwera yekha padooko tsiku lina, nati akufuna kuona tsidya linalo. Anakhala pafupi ndi ine, atagwira m'mbali mwa bwato ndi manja onse awiri. Titafika pakati anandifunsa.

"Madala, chisankho chikubwerachi mudzaimanso?"

"Mlatho ukakhalapo ndidzaimiranji?"

"Nanga ukapanda kukhalapo?"

"Ndidzaima. Ndipo a Ambulera nawonso amadziwa kuwerenga. Akhoza kufika kuno inu musanafike."

Tsidya linalo anayenda pang'ono, anaona mtengo uja, anafunsa dzina la mayi amene anafera pamenepo, n'kulilemba m'kabuku. Sindikudziwa zimene anakauza phungu wake. Panapita mvula ziwiri popanda chilichonse, ndipo asanu ndi awiri aja anayamba kundizemba maso. Kenako chilimwe china kunabwera malole.

Sunali mlatho waukulu. Unali wazitsulo ndi matabwa, wokwana anthu oyenda pansi, njinga, ndi machira. Ndinawolotsa ndekha amisiri ake, ndi matumba a simenti a nsanamira za tsidya linalo. Tsiku lotsegulira kunabwera magalimoto ambiri. Amayi anavina atavala nsalu za Nkhwangwa, ndipo pakati pawo ndinaona mayi Nasibeko. Olankhula anathokoza phungu, anathokoza khansala, anathokoza chipani chimene chimakumbuka anthu ake. Ana anathamanga pamlatho uku ndi uku mpaka matabwa ankalira. A Fulayi anawoloka kamodzi, pang'onopang'ono, n'kubwerera kwawo.

M'mawa mwake ndinakhala padooko monga mwa masiku onse. Anthu ankadutsa pamwamba panga, ena ankandibayibitsa. Ndinakhala mlungu umodzi. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinakokera bwato kumtunda, ndinalivundikira pansi pa mtengo, ndipo ndinamanga katundu wanga.

Mayi Nasibeko anandipeza ndikutseka chitseko. Linali Loweruka, anali ndi dengu pamutu. Analitula.

"Mukupita kuti, a Lichero?"

"Ndamva kuti kumpoto kwa kuno akufuna anthu odziwa mijigo."

"Khalani. Tikupezerani kamunda."

Ananena ndi mtima wonse, koma tonse tinkadziwa kuti munda wa mlendo umakhala pakamwa pa eni ake. Ndinathokoza. Anasankha tomato anayi akuluakulu n'kundiikira m'thumba. Ndiye ndinawafunsa chimene ndinali ndisanafunsepo munthu aliyense.

"Mayi, ndiuzeni poti ndikupita. Voti yachiwiri ija, ya chaka chija, inali yanudi?"

Anayang'ana pansi, akukonza nkhata yawo.

"Ayi," anatero. "Nthawi imeneyo ndinkaopa. Ndinachonga nkhwangwa. Koma nditamva kuti alipo wina wachiwiri, ndinalakalaka ndikanakhala ine."

"Nanga mukumudziwa?"

"Tinafunsana tonse asanu ndi awiri, maliro a Rozina atatha. Palibe ndi mmodzi yemwe."

Ndinawathandiza kusenza dengu. Anatsogola, ine pambuyo, ndipo tinakwera pamlatho. Pakati ndinaima pang'ono. Ndinali ndisanauonepo mtsinjewo kuchokera pamwamba, ndipo unaoneka wopapatiza kuposa mmene manja anga ankaudziwira. Kutsogolo kunkabwera anthu ochokera kumsika, bambo wokankha njinga, atsikana awiri, nkhalamba ya ndodo. Ndinapatuka kuti adutse, ndipo ndinapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, ndikumuyang'ana kumaso.